Mpando Umene Ndinachotsa pa Njinga

Balaka,
14 Ogasiti 2024.

Okondedwa achemwali Maness,

Muli bwanji kumeneko ku Mzuzu? Alamu anga a Chirwa akupezako bwanji ndi mawondo awo aja nyengo yozizira ino? Nanga ana? Ife kuno tili moyo. Make Chimango anadwalako chimfine koma wayambiranso kuphunzitsa. Ine thupi lili bwino. Mtima ndiye iyayi.

Ndasankha kalata chifukwa pa foni mumandidula ndisanafike pa mutu wa nkhani.

Mwamva kale kuti ndinagula njinga yamoto. Chimene simunamve ndi mmene ndinaisankhira. Zinanditengera miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndinadzaza kope lathunthu. Ndinkafuna njinga yoti izilowa m'tinjira ta kumsika kuno osandilemera, komanso yoti ndikatuluka pamsewu wa ku Liwonde mathiraki asamandikankhire m'tchire ndi mphepo yawo. Tinjinga ta kabazati timanjenjemera ukatithamangitsa. Zazikulu zija zimamwa petulo ngati zatuluka m'ndende. Ndinakhazikika pa yapakati, ya injini ya 350.

Ndinapita ku Blantyre katatu kukangoiyang'ana. Ndinafunsa za mabuleki, za matayala, za masipeya ngati amapezeka ku Limbe. Wogulitsayo pofika ulendo wachitatu anandifunsa ngati ndikugula njinga kapena ndikufunsira mbeta.

Ndi yatsopano, koma anaipanga mwachikale: nyali yozungulira, thanki yobiriwira yonga dzira, masipoko owala. Mukukumbukira zimene ansembe ankabwera nazo kutchalitchi kwathu tili ana, ife n'kumathamangira fumbi lake? Ndi yoteroyo. Nditaikwera koyamba ndinamva ngati ndapeza chinthu chimodzi m'moyo muno chimene ndasankha ndekha.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumve kwa ine, osati kwa ena.

Njingayo inabwera ndi mipando iwiri, wa woyendetsa ndi wina kumbuyo. Ndisanapite nayo kwathu ndinaitengera kwa Twalibu, makaniko wa kuseri kwa depoti, kuti achotse wakumbuyowo pamodzi ndi zopondera zake. Twalibu anaseka mpaka kugwetsa sipanala. Anati chiyambire ntchito yake anthu amabwera kudzatalikitsa mipando kuti pakwere anayi ndi mbuzi, wodzafupikitsa ndi ine woyamba. Anafunsa ngati ndayambana ndi akunyumba. Ndinamuuza kuti ndi sitayilo. M'mabowo a mabawuti ndinaikamo timphira takuda kuti musalowe dzimbiri.

Sinali sitayilo, achemwali. Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikuyendera mijigo ndi njinga ya kuntchito, ndipo palibe tsiku limene ndinabwerako ndekha. Wina ali ndi thumba la nandolo, wina akuti mungondisiya apo, ndipo apo pakepo ndi ku Ulongwe. Chaka chatha ndinaona mayi ndi mwana atagona pa phula pafupi ndi mlatho wa Liwonde, atagwa pa kabaza. Kuyambira pamenepo munthu akakhala kumbuyo kwanga manja amandituluka thukuta. Ndimamva kulemera kwake pa kona iliyonse. Ndinkafuna kuyenda osanyamula moyo wa wina. Kodi limenelo ndi tchimo?

Ndinalakwitsa chinthu chimodzi: ndinauza Lilian pa foni kuti ndibwera Loweruka kudzaonetsa njinga. Mukumudziwa mng'ono wanu. Pofika Lachisanu kwa Kawinga konse kunali kutamva.

Nditakhota kuchoka pamsewu wa Ntaja ndinapeza pabwalo pali anthu ngati pali ukwati. Amayi anali atavala chitenje chatsopano ndi nsapato zimene munawatumizira zija. Anali atauza amayi anzawo onse kuti kutchalitchi adzapita atakwera, kuyenda pansi kwatha. Mwambo wake mukuudziwa: chatsopano cha mwana amayamba kulawa ndi make. Azimayi analulutira. Amayi anaizungulira njingayo akuvina pang'ono, anasisita thanki, anasisita mpando wanga, kenako dzanja lawo linatsikira pa madigadi opanda kanthu. Anaima. Anandifunsa motsitsa mawu kuti nanga iwo akhala pati.

Ndikananena zoona pomwepo. Koma ndinati inabwera choncho kuchokera kufakitale.

Japhet anali pomwepo, atatsamira kabaza wake womangidwa ndi mawaya uja. Mng'ono wathu ameneyu sanamalize Fomu 2, koma njinga amazidziwa. Anagwada, anakolokosola kamphira kamodzi ndi chikhadabo, n'kukakweza m'mwamba kuti aliyense aone. Anafunsa kuti achimwene ophunzira, fakitale yake ndi iti yoboola mabowo a mpando n'kuiwala mpando? Anati utoto wozungulira bowolo ukuonetsa kuti bawuti yachoka sabata yomweyi. Anyamata anaseka. Azimayi sanaseke.

Amayi sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti chinthu chokwana munthu mmodzi iwo amachidziwa ndi bokosi la maliro. Anavula nsapato zija pomwepo, n'kulowa nazo m'nyumba zili kumanja.

Mmawa wake Japhet anawanyamula kupita kutchalitchi, iwo, Lilian ndi mwana pa thanki, onse opanda zipewa, tayala lakumbuyo losalala ngati chipumi. Ine ndinkawatsatira ndekha pambuyo, ndikudya fumbi lawo.

Sabata yatha Lilian anandiimbira. Anati chinkhoswe cha mwana wake Jacqueline chili pa 28 Seputembala, ndipo banja lagwirizana kuti nkhoswe akhale Japhet. Sanandifunse, anandidziwitsa. Ndinamukumbutsa kuti chimwalirire amalume mwini mbumba ndi ine. Anayankha kuti amayi akuti nkhoswe ndi munthu wonyamula anthu, ndipo amene anachotsa mpando wanena yekha.

Achemwali, mundilole ndiwawidwe pang'ono. Jacqueline amene uja ndinamulera m'nyumba mwanga muno zaka zinayi ali ku sekondale. Atadwala chifuwa ndi ine ndinagona pabenchi kuchipatala. Mnyamata akumukwatirayo ndinamufufuza ndekha mpaka kwawo kwa Nsamala, ndikudziwa ndi dzina la agogo ake. Japhet amangomudziwa kuti ndi wamtali uja. Koma tsikulo wolandira tambala kwa akuchimuna adzakhala Japhet, ine nditakhala pa mpando wa pulasitiki pakati pa alendo. Zaka zonsezi zafufutika ndi mabawuti anayi.

Mpando wa njinga uja ndinaubwezeretsa. Twalibu ulendo uno anangomanga mabawuti osaseka, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kuseka kuja. Lamlungu ndinapita nayo kwathu, ndinaiimika pakhomo penipeni. Amayi anatuluka, anaiyang'ana, n'kunena kuti mpando wobwezedwa ndi manyazi iwo sakhalapo, ungawaotche. Anandipatsa madzi akumwa ngati mlendo wodutsa.

Sindikupemphani kuti mukawauze kuti sindinaname. Ndinanama, pamaso pa mudzi wonse. Sindikupemphanso kuti mumulande Japhet unkhoswe. Zimenezo amayi akagamula agamula. Chimene sindingapirire ndi kukhala mlendo pa mbumba yanga mpaka kalekale, ana a Lilian enawo akukula akudziwa kuti malume wawo ndi mmodzi.

Pempho langa ndi ili. Pobwera ku chinkhoswe musapitirire ndi minibasi mpaka ku Ntaja. Mudzatsike pa Chingeni, ndidzakudikirani pamenepo. Katundu wanu adzapita ndi make Chimango. Inu mudzakhale kumbuyo kwanga, tidzalowe m'mudzi masana anthu akuona. Amayi amamvera inu. Akadzaona mwana wawo woyamba akutsika pa mpando umenewo ali wamoyo, mwina tsiku lina adzalola kukwerapo. Ndidzayenda pang'onopang'ono. Manja adzandituluka thukuta njira yonse, koma ndidzakufikitsani.

Mukakana ndidzamvetsa. Ndidzapitabe, ndidzakhala pamene adzandiloze.

Mukavomera, muyeze mutu wanu ndi chingwe, kuzungulira pamwamba pa makutu, munditumizire muyeso wake msanga. Chipewa chachikulu chimavuka munthu akagwa, ndipo sindikufuna kugula mongoganizira.

Mupereke moni kwa alamu, kwa ana Mwai ndi Sammy. Make Chimango akuti musaiwale kaunjika wa ana uja. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Elliam