Achimwene, nkhunda zanga zili kuti?

Okondedwa achimwene,

Ndayamba ndi moni chifukwa amayi anatilera bwino, koma dziwiranitu kuti kumunsi kwa kalatayi kuli mlandu, ndipo woimbidwa mlanduyo ndinu. Muli bwanji kumeneko? Msana uja unasiya kukuvutani? Nanga alamu ndi ana? Ine kuno ndili bwino, ndawala moti mutakumana nane pamsewu mukhoza kundivulira chipewa poyesa kuti ndine mwini hotela.

Mwini hotela si ine ayi, musayambe kuuza anthu. Ndikadali kuchipinda chapansi kuja kochapira, kumene dzuwa timangolimvera kwa anzathu. Makina amalira tsiku lonse, nthunzi ili fuu, matawulo ndi nsalu zoyala pabedi zimabwera mulu wotalika kuposa nyumba yanu. Pa nkhani yosita palibe wondiposa. Malaya akangondiona ndagwira nsimbi amadziwongola okha ndi mantha. Koma chifuwa chayamba kudandaula, m'mawa ndimatsokomola ngati galimoto yakale ikukana kulira.

Tsono abwana atiuza kuti m'mwamba mwapezeka malo a munthu wonyamula zikwama za alendo pakhomo. Jekete la mabatani onyezimira, achimwene, kamphepo kayaziyazi, chifuwa n'kupumako. Koma ofuna malowo ayenera kukhoza mayeso a Chingerezi cholankhula. Si olemba ayi. Umakhala pampando, patsogolo pako pali munthu woyesa ndi kamakina kojambula mawu, ndiye amakufunsa za ntchito yako, za kwanu, ndi zimene umakonda kuchita ukapuma. Ukalephera malo amatenga wina, iwe n'kudikira chaka chamawa uku ukupsa ndi nthunzi. Mayeso anga ali sabata yamawa.

Ndinaseka nditamva. Ine, amene munanditcha Wailesi ndili mwana, kuopa mayeso olankhula? Ndinauza anzanga kuti woyesayo akonzeretu madzi akumwa, atopa ndi iyeyo.

Pansi pa chipinda chimene ndimagona pamakhala mayi ena achikulire amene anali aphunzitsi, pano anapuma. Anthu a m'nyumba muno amawatcha Mayi Chifukwa, popeza ngakhale uwapatse moni amafuna kudziwa kuti chifukwa chiyani. Tinagwirizana kuti ine ndiziwasitira zovala, iwo azindiyesa Chingerezi ndikaweruka. Timakhala patebulo lawo la kukhitchini, magalasi ali pansonga pa mphuno, akundiyang'ana ngati ndawabera supuni.

Tsiku loyamba ndinapita nditaloweza yankho limene mnzanga wa kuntchito anandipatsa, loti ndimakonda kusambira. Ndinalilakatula bwino ndithu, osaphonya liwu. Mayiwo anangofunsa kuti ndimasambira kuti, ndi ndani, ndipo madzi akalowa m'mphuno ndimatani. Achimwene, inu mukudziwa kuti ine ndi madzi timakumana m'beseni basi. Chibwibwi chinandigwira pomwepo.

Mawa lake ndinasintha, ndinati ndimakonda kuwerenga mabuku. Akuti buku lomaliza limakamba zotani, nanga linatha bwanji? Ndinati linatha bwinobwino, masamba onse anatha. Sanaseke. Anangondiuza kuti ndinyamule zovala zawo zosita ndizipita, tionana mawa.

Apa ndi pamene ndinatulukira matenda anga. M'Chichewa bodza langa limathamanga osapuma, mukukumbukira nokha mmene ndinakhulupiritsira anthu a pamsewu wathu onse kuti ndinagwirapo njoka ndi mano. Koma m'Chingerezi bodza limafuna mawu ambiri, ndipo ine mawuwo ndili nawo ochepa ngati tsitsi la pamutu pa amalume. Ndikangonama, lilime limalemera, ndimachita chibwibwi. Ndikanena zoona, mawu amabwera okha.

Mayi Chifukwa akuti woyesa amamva za kusambira ndi za mabuku kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, ndipo yankho loloweza amalinunkhiza likadali pakhomo. Akangolimva amakuponyera kafunso kena pambali kuti aone ngati ugwa. Iwo akuti njira ndi imodzi: tchula chinthu chimene umachidziwa, nena chifukwa chake umachikonda, kamba kankhani kamodzi ka zimene zinachitikadi, kenako nena mmene mtima umamvera. Ndiye anandifunsa kuti kodi pa moyo wanga palibe chinthu chimene chinkandiiwalitsa kudya?

Ndinati nkhunda.

Achimwene, mukanakhalapo! Chingerezi chothyokathyoka, inde, koma chikuyenda ngati wilibala pamtsetse. Ndinawauza mmene malemu bambo anabweretsera nkhunda ziwiri m'katoni chaka chimene ndinasiya sukulu, n'kunena kuti popeza mutu wakana mabuku, manja aphunzire kusamala chamoyo. Ndinawauza za khola lija ndinamanga pamitengo ndi malata otola, za maunda mmene amatsegulira kukamwa, za Kapitawo, yaimuna yamwendo wopindika ija imene imathamangitsa zinzake pambale kenako n'kuiwala kudya. Ndinati nkhunda zanga zikauluka zonse pamodzi dzuwa limabisika, nkhuku n'kukalowa m'khola poyesa kwada. Mayiwo anati chimenecho ndichepetseko, koma zina zonse ndanena bwino. Akuti ndikalankhula choncho pa mayeso, jekete ndi langa.

Ndinayamba kudzijambula mawu pafoni n'kumadzimvera pamene ndikusita. Kunena zoona, mawu ndili nawo. Ena amene amawerenga nkhani pawailesi akungodya malo anga.

Mavuto anayamba pamene mayiwo anafika pa mafunso a mmene nkhundazo zilili panopa. Akuti nkhundazo akusamala ndani, zilipo zingati, ndinazimva liti zikulira? Ndinati achimwene anga, munthu wokhulupirika, wosadya za eni. Ndinatulutsa foni monyadira kuwaonetsa zithunzi zimene mwakhala mukunditumizira. Anazibweretsa pafupi ndi mphuno, kuyang'ana ichi, kuyang'ana icho, ndiye anafunsa kuti chifukwa chiyani m'zithunzi zonse Kapitawo waima pamalo amodzimodzi, mwendo womwewo uli m'mwamba. Akuti kodi mbalameyi siitopa?

Ndinawayankha kuti ndi khalidwe lake, amakonda kujambulitsa. Koma nditakwera kuchipinda kwanga ndinaziyang'anitsitsa ndekha. Achimwene, kumbuyo kwa khola kuli mtengo wa papaya. Mtengo umenewu munandiuza ndinu nomwe, ndi pakamwa panu, kuti unagwa ndi mphepo chaka chatha n'kuphwanya mpanda wa aneba. Nanga bwanji m'chithunzi cha mwezi watha uli chilili, zipatso zili lendelende? Unauka kwa akufa?

Kuyambira pamenepo ndayamba kukumbukira zinthu. Ndikaimba foni m'mawa, nthawi imene nkhunda zimasokosa, inu mumakhala muli kumsewu, mukuti kunyumba mawu sakumveka bwino. Koma alamu akaimba ali pakhonde la nyumba yomweyo mawu amamveka ngati ali m'thumba mwanga. Tsiku lina ndinawafunsa alamuwo za Kapitawo, anatsokomola, akuti ndiwo zikupserera, foni thii. Ndiwo zanji, achimwene? Ndikungofunsa.

Amayi nawo, osadziwa kanthu, anandiuza mokondwa kuti masiku ano akugona mpaka dzuwa kutuluka, padenga palibenso zosokosa. Nditafunsa kuti zosokosazo zinapita kuti, akuti ndifunse akulu anga, iwo maso anafooka. Maso! Ine ndimafunsa za makutu.

Ndipo pali nkhani ya masaya anu. Ndinakusiyani muli munthu wowonda, lamba mukuboola mabowo atsopano. Chithunzi chija munajambulitsa pa ukwati wa msuweni wathu, kolala ya malaya ikuchita kupempha chifundo. Sindikunena kanthu. Mwina ndi madalitso chabe. Koma madalitso ena amakhala ndi nthenga.

Musaganize kuti ndikungosereula. Kukayikaku kwandilowa m'kamwa. Ndikayamba kunena kuti ndili ndi nkhunda zambiri kwathu ndipo achimwene akuzisamala, chibwibwi chija chimabwerera, chimodzimodzi ngati tsiku la kusambira. Mayi Chifukwa akuti ndikakachita zimenezi pamaso pa woyesa adzayesa kuti nkhundazo ndazitola m'buku, ndipo ndidzatsikanso masitepe kubwerera kunthunzi. Ine ndinati vuto ndi mpando wawo, ndi wolimba. Anandipatsa pilo. Chibwibwi osatha.

Ndiye dzulo anachita chinthu chimene chandisowetsa mtendere. Anati tiyesere njira ina: ndikambe ngati nkhundazo kulibenso. Akuti woyesa sasamala kuti nkhani ndi yosangalatsa kapena yachisoni, amangofuna kumva munthu akulankhula za chinthu chimene akuchidziwa. Ndinakana, ndinati kumeneko n'kulodza mbalame zamoyo. Anangokweza magalasi n'kundiyang'ana. Ndinayamba.

Ndinati ndinali ndi nkhunda. Ndinati bambo anga ndi amene anandipatsa, ndipo atamwalira ndinkati ndikamva Kapitawo akulira m'mawa ndimamva ngati mdala akadali panja akukonza njinga yake. Ndinati ndinazisiya m'manja mwa mkulu wanga pobwera kuno kudzafuna ntchito, zaka zinali zovuta, pakhomo pali ana, ndipo khola lija pano lili chete. Ndinati tsiku lina ndidzamanga lina.

Achimwene, sindinapunthwe ngakhale pamodzi. Mawu amene sindimadziwa kuti ndili nawo ankangotuluka okha ngati akhala akudikira pamzere. Nditamaliza, mayi aja anavula magalasi n'kuwaika patebulo, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni sanafunse kuti chifukwa chiyani. Ine maso anayamba kuyabwa, koma inali nthunzi ya ketulo yawo, musamve zina.

Tsono taganizani nokha. Chingerezi changa chimakana bodza. Ndikati nkhunda zilipo, chimagwa. Ndikati kulibe, chimathamanga. Mboni yoteroyo mungaitsutse bwanji?

Komabe sindikufuna kuweruza mkulu wanga ndi lilime lachilendo. Paja kandimverere adakanena za m'maluwa, ndiye ndikufuna ndimve ndekha. Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi ikangofika, m'mawa wake imani pakhola, mwazani chakudya, mundiimbire foni yoonana nkhope. Musakabwereke nkhunda za aneba, zawo zija ndi zoyera ndipo ndimazidziwa. Musabisenso nkhope, chifukwa sindinaiwale kuti tili ana munkalira ngati nkhunda mpaka amayi kutuluka ndi madeya. Ndikufuna ndione khola ndi milomo yanu nthawi imodzi.

Ngati zilipo, ndidzapepesa pamaso pa banja lonse, ndipo jekete la mabatani lija mudzajambulitsa nalo ndinu poyamba. Ngati kulibe, ingonenani. Kaya ndi matenda, kaya mphaka, kaya ana anadwala mukusowa pogwira, kaya ndi mphika wa alamu, sindidzakwiya kupitirira sabata imodzi. Ndinakusiyirani mbalame osakusiyirani chozidyetsa, zimenezo ndikuzidziwa. Chimene sindingathe ndi kukakhala pampando uja ndisakudziwa ngati ndikukamba za zamoyo kapena za malemu. Mundiyankhe mayeso asanafike, chifuwa changa chili m'manja mwanu.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti maso awo ndidzawagulira magalasi ngati a Mayi Chifukwa, aone bwino zochitika pakhomo. Moni kwa alamu, ndiwo zisapsererenso ndikaimba. Moni kwa ana onse, kwa azakhali, kwa amalume ndi tsitsi lawo lotsalalo, ndi kwa msuweni wathu ndi mkazi wake watsopano.

Kwa Kapitawo sindipereka moni kudzera mwa inu. Ngati alipo, ndimupatsa ndekha pafoni. Ngati kulibe, ndiuzeni chinthu chimodzi chokha, popeza woyesa amakonda mafunso apambali ndipo ndiyenera kukonzeka: mwendo wopindika uja anadya ndani?

Ndine mng'ono wanu wokukondani, ngakhale ndikukuyang'anani ndi diso limodzi,

Wailesi