Jekete ya ku Sweden m'Basi ya ku Ras Al Khor

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ku Sweden konko. Ine ndili bwino kuno ku Ras Al Khor kotenthaku, koma mwanditopetsa.

Paja munati musananditengere kumeneko ndiloweze mayina a zovala m'Chiswidishi, ndizitchula ndikuvala. Dzulo m'mawa ndinavaladi zonse munatumiza zija: jekete ya jacka, chipewa cha mössa, magolovesi a vantar. Mwadzidzidzi basi ya kuntchito inaliza hutala, dalaivala akukuwa "Yalla!" kutanthauza kuti tifulumire. Ndinakwera nditavala chomwecho, thukuta lili kamukamu. Mnzanga wa ku Chipata anafuula, "Abale, m'siyireni mpando, wachokera mufiriji uyu!"

Achemwali, digiri yanga sindinaivutikire kuti ndizisenza makatoni. Chonde tumizani kalata yondiitana ija mwezi uno, musatumizenso magolovesi.

Allah akusungeni.

Mlongo wanu,
Yusufu