Fanuwelo Akufunafuna Manda a Amake

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ababa anakupezani? Anatisiya chaka chatha mvula itangoyamba, atadutsa zaka makumi asanu ndi anayi, nzeru zawo zikadali bwinobwino.

Kuno tilipo. Mdzukulu wanu Esnati wabereka mwana wamwamuna, tamutcha Yohane, dzina la Ababa. Chimanga chachita pang'ono, mbuzi za aneba zinatidyerako.

Mukumukumbuka Fanuwelo, uja amake anamwalira m'komboni iye akuyamwa, inu n'kumutenga? Tinkadyera mbale imodzi. Ababa ankati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Zaka zonse zimene Ababa anali akauntanti pa pulazi ino ya ku Trelawney ankapita naye kuofesi, kumuphunzitsa ntchito, mpaka anakhala munthu. Lero ndiye manijala wa mwini pulazi watsopano.

Ababa atamwalira ndinakamupempha kuti tiwaike pambali panu. Anandiyankha m'Chishona, ngati Chichewa sachidziwa, kuti ife mabwidi, obwera ochokera dziko lina, tilibe nthaka kuno. Tinakawaika kumanda a m'tauni, pakati pa anthu osawadziwa. Munthu amene analera ana asanu ndi awiri, wa eni ake n'kuwonjezerapo, amene sankadya asanafunse ngati tonse takhuta! Chilimwe chitafika, Fanuwelo anatumiza thirakitala n'kusalaza manda onse a m'komboni. Pamwamba panu, Amayi, adzalapo fodya.

Inu munkati choipa chitsata mwini. Tsopano Fanuwelo wadwala, miyendo yatupa, kuchipatala akungomubweza. Mneneri wa kutchalitchi kwake wamuuza kuti amake akulira, akagwade pamene anagona, apepese. Nanga adziwa pati? Anafafaniza yekha. Wodziwa ndatsala ndine, chifukwa chaka ndi chaka Ababa ankanditenga kukalambula manda a mayi uja, mwini wake ali kumpira. Ngakhale pali fodya, mwala ndi mtengo zimene ankandilozera zikadalipo.

Dzulo anabwera ndi mbuzi, akutsimphina. Anagwada pakhomo, Chichewa chitabwerera, akundiitana kuti achemwali. Ndinamupatsa mpando, ndinamupatsa madzi akumwa, ndinamusiya alire mpaka atatopa. Kenako ndinamuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti ndinaiwala. Mbuzi yake anabwerera nayo.

Ndikudziwa kuti Ababa akanamugwira dzanja n'kukamusonyeza. Anali otero, ndipo n'chifukwa chake ndikuwalirabe. Muwauze asandikwiyire, mtima wawo sindinatengere. Masiku anga onse ndinawamvera, koma pa ichi chokha ayi.

Ndikukulonjezani, Amayi, azizungulira m'munda umenewo ndi ndodo yake, kugwada mzere uliwonse, kuitana mayi amene sadzamuyankha. Ine ndizimuonera ndili pakhonde, ndipo malowo ndidzabwera nawo kumeneko ali m'kamwa mwanga.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Filesi