Katundu wa ku Zomba, Tikiti ya ku Tokyo

Lamlungu, 1 Julayi 2018

Kutentha. Kapinga wa ku Evington Park kuno ku Leicester wauma ngati wa mu Okutobala kwathu.

Matikiti atheka. Ine ndi Nicole, Heathrow mpaka Tokyo, pa 24. Sabata imodzi. Ndidamulonjeza kalekale mwana wangayu kuti akadzamaliza mayeso a GCSE ndidzamutengera kwawo kwa tizithunzi take ta maso akuluakulu tija. Ndinkayesa aiwala. Sadaiwale.

Koma lero kutchalitchi ndachita chinthu chopusa. Nthawi ya zolengeza a Henderson, mkulu wa mpingo, afunsa ngati alipo wa ulendo mwezi uno kuti apemphereredwe. Ndakweza dzanja. Ndisanatsegule pakamwa wina kumbuyo, "Kumudzi!" Nthungululu. A Henderson apemphera kuti ndikawapeze bwino bambo anga ku Balaka, apempherera ndi msewu wa ku Zalewa womwe. Ine ameni wanga wamveka kuposa wa onse.

Ndikanati chiyani? Kuti papita zaka osaponda kwathu, ndiye holide yaitali yapezeka ndikukaithera kuonerera anthu akuwoloka msewu ku Shibuya? Ife munthu akakwera ndege ndiye kuti kuli maliro, kuli ukwati, kapena akukaona nyumba imene akumangitsa. Zongopita kukaona malo timati n'za azungu.

Mwayi Nicole anatsala kunyumba. Ndikonza Lamlungu likubwerali.

Lachitatu, 4 Julayi

Shifiti yaitali, mapazi otupa. Nthawi ya tiyi ndakhala ndi Safura, namwino mnzanga wa pa wodi, amene adapitako ku Tokyo ndi mwamuna wake chaka chatha. Malangizo mbwee. Mukagone ku Ueno, n'kufupi ndi sitima. Mukagule kakhadi kokwerera sitima mukangotera. Nsapato zikhale zosavuta kuvula. M'sitima osayankhula mokweza. Ine osayankhula mokweza? Tikaona komweko.

Chondidabwitsa, kwa Safura mawu oti Tokyo amangotuluka okha. Kwa anthu akwathu amandikakamira pakhosi.

Pofika kunyumba ndapeza amake Sam a kutchalitchi akundidikira m'galimoto. Foni ya mlongo wawo wa ku Ndirande, nsapato za mwana, mafuta odzola. "Sizolemera ayi, mungoponya pakona pa sutikesi." Ndalandira ndi manja awiri. Ndathokozanso. Ndimathokoza chiyani kaya.

Loweruka, 7 Julayi

Chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu, ku holo. Ndikanadziwa ndikanadwala.

Aliyense ndi kajumbo kake. Mankhwala a BP, jekete, wigi. Wina wandipatsa ketulo. Ketulo! Ngati ku Limbe kulibe sitolo. Buti ya galimoto yadzaza.

Ndayesa madzi pang'ono ndi a Eston a takisi, kuti nanga munthu atapita ku Japan? Iwo, "Kukagula galimoto? Masiku ano timangodina pa intaneti, mayi, musawononge tikiti." Tebulo lonse kuseka. Inenso ndaseka nawo mpaka misozi.

Kenaka atulukira achemwali Anastasia kuchokera ku Derby. Si apachibale, koma ndi amene adandisunga nditangofika kuno ndilibe ndi bulangeti lomwe. Miyezi ndi miyezi ndinkagona pa matiresi m'chipinda chawo ku Normanton, iwo akugwira usiku kunyumba yosamalira okalamba, ine ndikuwerenga mayeso a unamwino. Mapepala awo mpaka lero sadatuluke, ndiye kwathu sangapite. Akatuluka sabwereranso.

Andigwira manja onse awiri. Mwana wawo Pempho akukwatiwa pa 4 Ogasiti ku Zomba. Adamusiya ali Sitandade 3. Diresi la ukwati adagula kale, amangosowa munthu. "Atu, Mulungu wayankha. Anthu ena sindingawapatse, koma iwe."

Pakamwa panga panali potsegula. Ndikulumbira panali potsegula. Patuluka mawu oti, "Palibe vuto, achemwali."

Lachiwiri, 10 Julayi

Diresi lafika. Alinyamula okha pa basi kuchokera ku Derby, tulo tili m'maso, atangoweruka. Pamsewu wonse analiika pamiyendo kuopa kuti lingakwinyike.

Alitulutsa m'thumba pa balaza panga. Loyera mbee, timikanda pachifuwa, velo lalitali. Muyeso ankatengera pa foni, Pempho akudziyeza ndi tepi ya telala wa ku Chinamwali. M'chiuno achepetsa okha ndi singano nthawi yopuma kuntchito. Andionetsa msoko uliwonse.

Nicole atalowa ndamutuma mkaka msanga. Mkaka uli tho mu furiji.

Atapita achemwali, mwana wandipeza ndikukoloweka diresi kuseri kwa chitseko. Wayang'ana diresi, wayang'ana majumbo amene aunjikana pansi pa masitepe. Chichewa amamva chonse uyu, kungoti amayankha m'chinenero chake. "Mum, just tell them." Ndamukalipira kuti akulu sayankhidwa choncho, zinthu zakwathu sakuzidziwa. Wangokweza mapewa n'kukwera kuchipinda.

Wanena zoona. N'chifukwa chake ndinakwiya.

Lamlungu, 15 Julayi

Kutchalitchi sindinapite. Lamlungu lathalo sindinapitenso. Ndalemba pa gulu la amayi kuti ndili pa shifiti. Bodza lina pamwamba pa linzake.

Tatandala pa tebulo ndi Nicole, mapu a sitima za ku Tokyo pakati. Mizere ya mitundumitundu yopiringizana ngati ulusi umene mphaka waseweretsa. Iye akuimvetsa. Tsiku loyamba kachisi wa ku Asakusa, kenaka kukwera nsanja yaitali ija tikaone mzinda wonse. Lachiwiri ku Akihabara kwa zidole zake, ine ndikakhala wonyamula chikwama. Tsiku lina msika wa nsomba. Tsiku lina kungoyenda basi, osafuna kanthu. Chipinda cha hotela n'chaching'ono, pa chithunzi bedi lagunda makoma onse. Akuti kumenekonso kukutentha koopsa, tigule zipewa.

Mwana amaseka lero. Chaka chonse cha mayeso sindinamumve akuseka chonchi.

Ndilembe pano poti palibe ationa. Si za Nicole yekha. Inenso ndikufuna kupita. Ndikufuna sabata imodzi kumalo kopanda ondidziwa, kopanda ondifunsa za malata kapena fizi, kongoti ndidzuke ndikaone zinthu ngati munthu. Ndikalemba chonchi nkhope ikuchita kutentha.

Madzulo uthenga pa WhatsApp, nambala ya kwathu. Pempho. "Anti, amayi andiuza. Zikomo kwambiri, ndimalephera kugona poganiza kuti ndivala chiyani." Ndayankha ndi kachithunzi ka mtima. 

Lachiwiri, 17 Julayi

Maganizo a wakuba. Nditumize zonse mwakachetechete ndi a ndege za katundu, ndizime foni sabata imodzi, ndikabwerako ndizinena kuti kumudzi onse ali bwino. Ndafika pofunsa ndi mtengo womwe.

Koma Nicole chilichonse amajambula n'kuponya pa intaneti, ndipo ana onse a kutchalitchi amaona. Ndimuuze kuti abise ulendo umene waudikira zaka? Nanga Pempho akadzati anti sindinawaone?

Manyazi adapha Lambe. Mawa ndiimba ku Derby.

Lachinayi, 19 Julayi

Dzulo sindinaimbe. Ndaimba lero. Ndinakonzeka bwinobwino, mawu ndinawayeseza m'galimoto pa malo oimikapo kuchipatala.

Sanandipatse mpata. Chisangalalo. Akuti alankhula ndi ankhoswe, pampando wa make mkwatibwi ndikakhale ine. Velo ndikamuveke ine. Pa perekaniperekani akaitana amayi a mwana, ndikaimirire ndikavine. "Diresi lokha ndikanatumiza kale, Atu. Ndikufuna ukamuone ndi maso, ukamugwire, udzandiuze ngati mnyamatayo akumuyang'ana bwino. Pa vidiyo sizioneka zimenezo."

Ndati netiweki ikuvuta. Ndadula. Ndakhala m'galimoto mpaka mlonda wabwera kudzagogoda pa windo kufunsa ngati ndili bwino.

Za pa foni ayi. Loweruka ndipita ndekha, diresi m'manja.

Loweruka, 21 Julayi

Ndapita.

Atangotsegula chitseko aona thumba la diresi. "Lang'ambika?" Ndati ayi. Ndakhala pa mpando womwe uja wa pafupi ndi windo, ndanena zonse ndikuyang'ana kapeti. Kuti kumudzi sindikupita. Kuti ndikupita ku Japan ndi mwana, kukaona malo. Kuti ndidadziwa kuyambira tsiku loyamba.

Ndimayembekeza kukalipiridwa. Ndimachita kufuna. Akanandilalatira mwina ndikanapepukidwa.

 Afunsa kuti ku Japan kuli wachibale? Ndati kulibe. Agwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati ndawauza matenda amene sadawamvepo.

Kenaka anena mofatsa kuti Chilungamo, mnyamata wa kutchalitchi kwawo amene wamaliza maphunziro ku Nottingham, wanyamuka Lachitatu lapitali. Kwawo ndi ku Zomba komweko, ku Matawale. Adabwera yekha kudzapempha kuti anyamule diresi. Adamukaniza. Adamuuza kuti ali naye kale munthu wawo.

Lachitatu. Tsiku limene ndinati ndiimba lija.

Ndati nditumiza ine pa ndege Lolemba, zonse ndilipira. Akana. Atenga thumba, alitsegula, ayang'ana ngati velo lili bwino, akalikoloweka kuchipinda. Akuti atumiza okha. Afunsapo kale, a ndege amati sabata imodzi kapena ziwiri, salonjeza. "Likafika lafika."

Za pampando paja sanatchule. Inenso sindinayerekeze.

Nditaimirira kuti ndizipita andiuza ndidikire. Alowa kukhitchini, atuluka ndi chigoba cha ayisikilimu chomata ndi tepi. Mtedza wokazinga, wothira mchere. Anakazinga dzulo, kamba wanga wa pa ulendo wa kumudzi. Ndati achemwali sindingalandire. Andiikira m'manja. "Ulendo ndi ulendo. Mwana akadye m'ndege."

Sanandiperekeze. Zaka zonsezi amandiperekeza mpaka pa galimoto, ngakhale kukugwa chisanu.

Ndalira kuyambira Normanton mpaka pa mphambano ya ku Loughborough.

Lolemba, 23 Julayi

Tsiku lonse kuzungulira Leicester kubweza katundu. Highfields, Beaumont Leys, Oadby. Khomo lililonse nkhani yomweyo, nkhope yomweyo. Amake Sam, "Ii, ndiye mwalemera." Mwini ketulo wangolandira. A Eston aseka mpaka kutsamira galimoto, akuti ndiwabweretsere sipeyala.

Pofika masana gulu la amayi linali zii. Gulu limene silikhala chete ngakhale pa maliro. Ndiye kuti nkhani ikukambidwa kwina.

Zonsezo ndipirira. Zikundiwawa ndi za ku Derby. Ndaimba kawiri, sanayankhe. Mwina ali mtulo, agwira usiku. Mwina.

Nicole walongedza yekha masutikesi onse awiri. Wandifunsa, m'Chichewa chake chopindika, ngati ndikufunabe kupita. Ndati inde. Ndi zoona, ndipo zikundichititsa manyazi kuti ndi zoona.

Lachiwiri, 24 Julayi

M'basi ya ku Heathrow. Kulemba kukuvuta, ikugwedeza. Pasipoti zili m'chikwama, ndayang'ana kangapo. Nicole watsegula kale mtedza, akuti ndi wokoma kuposa wa m'sitolo. Wandipatsa. Ndati ndakhuta.

Tisanafike pa Luton foni yalira, uthenga wa pa WhatsApp. Pempho.

"Anti, mwanyamuka? Amayi sakuyankha foni kuyambira Loweruka. Mundiuze tsiku lofika, ine ndi Stafford tidzakuchingamirani pa Chileka. Ndauza anzanga onse kuti mayi anga aang'ono akubwera."

Sanamuuze. Alephera, kapena andisiyira ine dala. Kaya. Ntchitoyi ndi yanga ndithu.

Ndalemba kuti "Pempho mwanangu," ndafufuta. Ndalembanso. Pansi pa dzina lake pakuonetsa kuti ali pompo, akudikira. Dalaivala akuti tatsala pang'ono kufika.

Ndimuimbira. Amve mawu, osati zolemba. Ndingotsika m'basi kaye, kenaka...