Madisiketi a malemu Bornface

Kamwala, Lusaka
16 Ogasiti 1999

Okondedwa alongo anga ba Eneless,

Landirani moni wochokera kuno ku Lusaka. Kodi mukudzuka bwanji ku Mpanshya, inu ndi alamu ndi ana? Chimanga chinalowa bwino m'nkhokwe? Ine thupi lili bwino, mtima ndiye ayi. Kalata ino ndi yachiwiri, yoyamba ndang'amba chifukwa munali mawu osayenera kuwerengedwa ndi munthu wamkulu.

Phukusi lija munapatsira kondakitala wa minibasi ndinalandira Lachinayi. Madisiketi onse khumi ndi awiri a malemu akulu anga ba Bornface anafika. Zikomo, ndikudziwa kuti munakhetsa thukuta kuti achoke m'manja mwa amalume ba Yoram.

Inu za makompyuta simuzitsata, ndiye ndifotokoze. Zaka zisanu ndi chimodzi zija ba Bornface ankapalasa njinga kupita kwa okalamba a ku Chinyunyu ndi ku Shikabeta kukalemba nyimbo zakale za kwaya, za Chisoli ndi za Chinyanja, ankazitaipa pa kompyuta ya ku parishi n'kuzisunga pa madisiketi amenewa. Kompyutayo inapsa ndi mphezi. Kuti munthu awerenge disiketi pamafunika kachipangizo kokhala ndi kakamwa kolowetsapo, ife timakatcha dilaivi ya fulopi.

Kachipangizo kameneka kandidanitsa ndi abwana anga ba Morgan. Anapita ku Joni mu Epulo, anabwerako mapewa ali m'mwamba, ati anaona makompyuta atsopano opanda fulopi, ndiye ifenso tileke kuika mafulopi m'makompyuta amene timamanga pa shopu. Ine ndinawafunsa kuti kwathu kopanda ngakhale waya wa foni, mphunzitsi akataipa mayeso adzawanyamulira pati kupita nawo kokasindikiza? Masidi, zimbale zonyezimira zija, amene akuwatamawo kompyuta wamba imangowerenga, siilembapo kanthu. Anandiseka pamaso pa makasitomala, ati ku tauni ndinabwera thupi lokha, mutu ndinausiya kumudzi ku Rufunsa. Sipanathe mwezi, makasitomala awiri anabweza makompyuta awo kuti tiikemo fulopi. Mukuganiza anapepesa? Ndi pang'ono pomwe. Mpaka lero moni wanga amayankha ndi mphuno.

Koma sindinkalimbikira chifukwa cha makasitomala, alongo. Mtima wanga unali pa madisiketi aja. Miyezi inayi ndakhala ndikutola zipangizo zotayidwa pa shopu n'kumamanga kompyuta yangayanga m'chipinda chimene ndimagona. Fulopi yake ndinaipukuta ndi sipiriti mpaka inagwira ngati yatsopano. Paja mukukumbuka, ndinalonjeza alamu ba Rhoda kumanda, anthu akumva, kuti pa Misa yachikumbutso mu Okutobala kwaya idzaimba kuchokera m'buku la amuna awo, losindikizidwa, dzina lawo lili pachikuto.

Ndiye Lachinayilo nditangomasula phukusi, fungo la sopo! Ndinawerenga kakalata kanu. Mwalemba kuti amalume anawasunga miyezi khumi pamwamba pa sipika ya wailesi ija anatenga pogawa katundu, denga likudontha. Atamera nkhungu, akazi awo anawatsuka m'beseni n'kuwayanika padzuwa kuti asakachititse manyazi ku tauni. Munalemba ngati akazi awowo anachita zabwino, ndipo sindikukudzudzulani, simunadziwe. Koma maginito a sipika amafufuta zolembedwa, madzi n'kumalizitsa zotsala. Madisiketi awiri anachita kutumbulidwa ndi mpeni. Kaya amalume ankafunamo chiyani.

Ndinalowetsa imodziimodzi. Kungolira kho-kho-kho, basi. M'mawa mwake ndinapita nawo ku shopu, ndinayesa pa makina atatu, ba Morgan ataima kumbuyo kwanga manja ali m'thumba. Anangomwetulira. Ndinalakalaka pansi patatseguka.

Pa khumi ndi awiriwo, imodzi yokha ndiyo inatseguka. Muli mndandanda chabe: mitu ya nyimbo 214, ndipo pambali pa mutu uliwonse pali dzina la amene anaiimba ndi mudzi wake. Mawu a nyimbozo mulibe ngakhale mzere umodzi.

Alongo, ndakwiya, ndipo sindibisa. Tsiku logawa katundu ndinawagwadira amalume, inu munalipo. Ndinawapempha kuti atenge wailesi, njinga, suti, zonse, koma kabokosi ka madisiketi andipatse. Anandiyankha kuti mwana wa mlongo wawo akamwalira katundu ndi wawo, ndipo ngati wa ku tauni akukalirira chotere ndiye kuti muli chuma. Manje mukundiuzanso kuti makope aja ba Bornface ankalembamo pamanja anathera kukulungira fodya. Munthu woti chibadwire sanatsegulepo pakamwa m'kwaya! Amati chibale n'fupa, sichiola. Changa ndi iwowo chaola.

Ba Morgan ndinawapambana, fulopi ikufunikabe, ndipo yanga ikugwira bwinobwino. Choikamo ndiye ndilibe.

Alamu ba Rhoda musawauze kanthu. Pakamwa panga ndi pamene panalonjeza, ndiye ndidzabwera ndekha kumapeto kwa mwezi kudzawauza kuti bukulo kulibe.

Pempho langa ndi limodzi. Mndandanda uja ndausindikiza, ndi mapepala asanu ndi awiri amene ndaika mu envelopu ino. Gulani kope lalikulu, mubwereke njinga ya alamu amuna anu, muziyendera anthu amene mayina awo alembedwamo. Aimbe, inu muzilemba, ngakhale akumbukire ndime imodzi yokha. Chisoli chikakuvutani kalembedwe, lembani mmene mukumvera, tidzakonza. Kope likadzaza munditumizire, ine ndidzataipa.

Muona kuti pa mayina ena ndaika mtanda ndi bolopeni yofiira. Amenewo ndi amene ndikudziwa kuti anatisiya, musavutike nawo. Tsamba lachitatu ndi lachinayi mitanda yokhayokha. Mwina inu muonjezerapo ina imene ine kuno sindinamve.

Pa tsamba lomaliza pali nyimbo zisanu ndi zinayi zimene pambali pake palembedwa dzina la amayi athu. Ine mwana wawo, zaka makumi atatu, sindinadziwe n'komwe kuti amadziwa nyimbo za Chisoli. Ba Bornface anakhala nawo pansi n'kuwafunsa, ine ndili kuno kumanga makina. Yambirani kwa iwo ku Shikabeta, sabata ino ngati mungathe. Musadikire Okutobala.

Mundiperekere moni kwa amayiwo, kwa alamu, kwa alamu ba Rhoda ndi ana awo, kwa azakhali, ndi kwa adzukulu anga onse. Kwa amalume musapereke. Akafunsa, muwauze kuti phukusi linafika.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Silas