Adadi Akuti Ayatse Magetsi

Gulu: Ana a Adadi
Achemwali, Makaniko, Chitsiriza

LACHINAYI

12:41 Chitsiriza: nde matikiti ndatenga anayi. loweruka 2 koloko masana, cinema ya pa mall. row yakumbuyo pafupi ndi chitseko, in case adadi afuna toilet

12:42 Makaniko: anayi? achemwali avomera?

12:42 Chitsiriza: akuwerenga pompano, ma tick abuluu awo. ayankhe okha

12:50 Achemwali: loweruka ndili pa shift

12:51 Chitsiriza: achemwali, munandiuza nokha kuti weekend ino muli off

12:58 Achemwali: zinasintha. komanso maganizo anga ndinanena kale. munthu akuiwala njira ya kukhitchini m'nyumba mwake momwe, inu mukufuna mukamuike mumdima, anthu mbwee, ma speaker akuphulika. za chani?

13:00 Chitsiriza: chfkw lolemba ndikuwameta ndevu anandifunsa kuti "kodi mwezi sunathe? ana sindinapite nawo ku filimu." anafunsa katatu. ine ndi amene ndimakhala nawo, ndimaona. pali miyezi sanapemphepo kanthu

13:01 Makaniko: madala akukumbuka zimenezo 😭 loweruka lomaliza la mwezi, tonse pa mzere, nsapato zopolisha

13:04 Makaniko: 🎤 voice note 0:46
Iwe Chitsiriza unali wa pamiyendo, sungakumbuke. Holo yakale ya filimu ija denga linkadontha pakati penipeni. Tsiku lina mvula, madala anangotsegula ambulera mkati momwemo. Munthu wakumbuyo akuti, bambo, sitikuona! Madala osatembenuka n'komwe, akuti, bwerani mukhale muno, malo alipo. Aise, munthuyo anabweradi! Tinamaliza filimu anthu asanu pa ambulera imodzi, ine phewa lonse litanyowa, nsikidzi zikundidya kumsana. Koma ndikuuze, sindinasekepo chonchija.

13:07 Chitsiriza: kkkkk ine chomwe ndimakumbuka ndi chipewa. anthu akangoyandikizana milomo pa screen, chipewa cha adadi phwa kumaso kwanga. ndinakula ndikudziwa kuti filimu iliyonse imakhala ndi kamdima konunkha mafuta a tsitsi

13:09 Makaniko: ine worst yanga madala kunalibe. ndinapita ndi kamtsikana kena, thalauza loyera lobwereka, ndinakhalira chingamu. potuluka ndinkayenda cham'mbali ngati nkhanu, msana kukhoma. sanandiyankhulenso

13:10 Chitsiriza: anachita bwino 😂 achemwali inu yanu ndi iti?

13:40 Chitsiriza: achemwali

17:15 Achemwali: ndilibe

17:22 Achemwali: mwezi watha ndinafika ndi mankhwala awo, anandiyang'ana n'kunditi "mayi, mukufuna ndani?" inu awiri amakudziwani. ine ndinaima pakhomo la nyumba yomwe ndinakuliramo ngati wogulitsa tomato. nde plz musandikakamize

17:24 Makaniko: si dala achemwali

17:25 Achemwali: ndine nurse, ndikudziwa kuti si dala. kudziwako sikuchepetsa kanthu

17:27 Chitsiriza: pepani. sindinadziwe kuti zinakupwetekani chonchi. tikiti yanu ndingoisunga

17:49 Achemwali: mapiritsi a 1 koloko amwe musananyamuke. tengani juzi, mumazizira mmenemuja. ndipo musawasiye okha olo mphindi imodzi

LOWERUKA

13:05 Chitsiriza: 📷 chithunzi

13:05 Chitsiriza: jekete avala okha. nsapato ayamba kupolisha 9 m'mawa

13:38 Makaniko: tafika. escalator akana, akuti masitepe oyenda okha ndi a anthu aulesi. takwera enieni, ine ndi amene ndikupuma wefuwefu

13:52 Chitsiriza: popcorn akuti yachuluka, "gawirani ana ali apawa." ana a eni akewo alandira ndi manja awiri kkk

14:06 Chitsiriza: eish magetsi atazima andigwira mkono mwamphamvu. ma trailer phokoso too much

14:06 Achemwali: tulukani

14:07 Chitsiriza: dikirani kaye

14:08 Achemwali: iwe ndati tulukani

14:16 Chitsiriza: akhazikika. filimu yayamba, ya woyendetsa sitima yemwe akuba amulowera. maso ali pa screen osaphethira

14:31 Makaniko: AYAMBA 😂 "kumbuyo kwako iwe! tembenuka!"

14:33 Makaniko: pano akumuuza wakubayo kuti amayi ake achita manyazi

14:40 Chitsiriza: bambo wina kutsogolo kwathu watembenuka. akuti "itontholetseni nkhalamba yanuyo, kuno si kwanu." waitana wogwira ntchito muno, wa torch

14:41 Makaniko: ndimuchape?

14:41 Chitsiriza: khalani pansi achimwene

14:48 Chitsiriza: wa torch ndi mayi wabwino. ndamunong'oneza za matenda. wapita kwa bamboyo, wamusamutsira mipando yakutsogolo. pobwerera wawerama kwa adadi akuti "bambo, mukaona wakuba wina mundiuze"

14:49 Achemwali: siyani phone, mukusokoneza anthu

14:50 Makaniko: pa shift amalola kuwerenga ma message chonchi? 👀

14:59 Chitsiriza: achemwali, adadi akuseka. mutu kumbuyo, dzanja pamimba, ngati kale. chimwalirireni amama sindinamve kuseka kumeneku

15:10 Makaniko: ndikupita nawo ku toilet

15:21 Chitsiriza: achimwene mwachedwatu, zikukoma kuno

15:23 Makaniko: abwerera kumeneko?

15:23 Chitsiriza: ndani??

15:24 Makaniko: customer anandiimbira, ndinatuluka pa corridor 2 min basi. ndabwerera mulibe

15:24 Chitsiriza: ndikutuluka

15:25 Achemwali: 📞 missed call

15:25 Achemwali: 📞 missed call

15:26 Achemwali: ndinati chani ine

15:26 Achemwali: 🚫 uthenga uwu wafufutidwa

15:28 Achemwali: ok. makaniko thamangira pa gate yaikulu, uwaonetse alonda chithunzi cha jekete chija. chitsiriza lowa ma holo enawo limodzi limodzi, zitseko zake zimafanana zonse

15:33 Chitsiriza: holo 2 mulibe. 3 mulibe. mayi wa torch uja akundithandiza

15:36 Makaniko: alonda akuti sanawaone. car park ndazungulira yonse. achemwali ndikhululukireni, ndine chitsiru

15:37 Achemwali: za uchitsiru tikambirana mawa. yang'ana masitepe omwe munakwera

15:41 Chitsiriza: NDAWAPEZA. pa counter ya matikiti

15:41 Makaniko: Ambuye. ndikubwera

15:42 Achemwali: avulala?

15:45 Chitsiriza: 🎤 voice note 0:51
Sanavulale, koma achemwali ine sindikumvetsa. Akumenya counter ndi chikhatho, akuti imitsani filimu, yatsani magetsi onse, mwana wanga wasowa. Ndikuwauza kuti adadi ndili pano, achimwene awa akubwerawa. Akuti inu awiri ndakuonani, ndikufuna winayo. Akuti wamkazi, zaka seveni, diresi yachikasu, mano akutsogolo anachoka. Mtsikana wa pa counter wawafunsa dzina la mwanayo. Dzina lawathawa. Akungoti wachisamba, mwana wanga wachisamba. Akulira, achemwali. Anthu ayamba kujambula.

15:46 Makaniko: kodi zimenezi zinachitikapo?

15:49 Makaniko: achemwali?

15:53 Achemwali: 🎤 voice note 1:20
Zinachitika. Iwe Makaniko unali ndi zaka zitatu, Chitsiriza asanabadwe. Ndinapita ku toilet ndekha, ndinakana kuperekezedwa, ati ndine wamkulu. Pobwerera ndinatsegula chitseko cholakwika. Munali mosungira matsache, ndipo chinadzitseka. Mdima bii. Ndinagogoda mpaka manja kuwawa, koma filimu inali ya mfuti, akanamva ndani? Kuti ndinakhalamo nthawi yaitali bwanji sindikudziwa. Kenako mfuti zonse zii. Ndinangomva anthu akukuwa, miluzu, kutukwana. Anali adadi. Anakwera kwa munthu woonetsa filimu uja n'kumuimitsa, n'kuyatsitsa magetsi onse, holo itadzaza. Anthu anawagenda ndi zitsekerero za mabotolo. Iwo osalabada, akungoyenda row ndi row kuitana. Atandipeza sanandikalipire. Anandinyamula, iwe mkono winawo, n'kudutsa pakati pa anthu akutinyoza. Panja anandipukuta mamina ndi mpango wawo. Amama sitinawauze mpaka anapita.

15:54 Achemwali: ndili mu taxi, 20 min. musawakoke, musatsutsane nawo. muziwauza kuti mwanayo akumufunafuna

15:55 Makaniko: shift ija?

15:55 Achemwali: usandiyambe

16:01 Chitsiriza: manager wabweretsa mpando ndi madzi. mayi wa torch wathamangitsa ojambula, mmodzi wamufufutitsa video ali pomwepo. kenako wayatsa magetsi onse a pa corridor akuti "onani bambo, tayatsa, tikumufunafuna"

16:06 Makaniko: akana kukhala. akuima pa chitseko chilichonse, kuika khutu, kumvetsera. ine sindingathe kuyang'ana

16:07 Achemwali: yenda pambali pawo. ukatsegula chitseko uziwaonetsa mkati

16:15 Achemwali: ndafika, ndikukwera

16:16 Chitsiriza: achimwene pitani mukatenge galimoto, muiimike pakhomo

16:29 Makaniko: ndili pakhomo. zili bwanji? awazindikira?

16:37 Makaniko: hello??

16:44 Chitsiriza: tikutsika. mugalimoto osafunsa kanthu plz

18:20 Makaniko: ndafika kwathu. madala ali bwanji?

18:22 Chitsiriza: akuwodzera pa sofa. jekete akana kuvula. andifunsa kuti sitima ija inafika, ndati inafika

18:23 Makaniko: nde ndiuzeni. mugalimoto ine ndimangoona pa mirror achemwali atawagwira dzanja

18:24 Chitsiriza: anene okha

18:41 Achemwali: sanandizindikire

18:43 Achemwali: ndinagwada patsogolo pawo, ndinati adadi ndine. anandiyang'ana kumaso bwinobwino, kenako n'kusuzumira kumbuyo kwanga ngati ndabwera naye mwanayo

18:45 Achemwali: nde ndinangoti "bambo, mwana wanu tamupeza. ali bwino, sanavulale. akuti zikomo munayatsitsa magetsi"

18:47 Achemwali: anakhala pa mpando uja. anandigwira manja onse awiri. akuti "zikomo mayi. chonde mukakhale naye pang'ono. ameneyo amaopa mdima koma sanganene, amafuna azioneka wamkulu kwa ang'ono ake"

18:48 Makaniko: 😭

18:56 Achemwali: zaka 44 ine, ndimagona bulb ya pa corridor ili chiyakire. amuna anga amaganiza kuti ndimayatsira ana. sindinauzepo munthu, olo adadi amene

18:57 Chitsiriza: achemwali

18:58 Makaniko: ine ndimadziwa kuti inu simuopa kanthu. serious

18:59 Achemwali: iwe nkhani yako ya customer ikadalipo, usaganize kuti ndaiwala

19:00 Makaniko: ndamva 🙏

19:12 Achemwali: mawa ndibwera 10. chitsiriza utuluke ukayende, wawasenza wekha mokwanira. akandifunsa kuti mukufuna ndani, ndiziti ndine mayi uja wa ku cinema

19:13 Achemwali: tiyi amathira shuga masupuni angati masiku ano?