Thumba la Feteleza Linandigwa

Okondedwa achemwali a Feggie,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kuno ku Lukwa makuponi tinalandira, fodya tawokera.

Tsiku logula feteleza, nditangonyamula thumba, dzanja lamanja linalefuka, lilime n'kulemera. Anthu pamzere anaseka, ati mkamwini walawirira mowa. Thumbalo anasenza ndi mkazi wanga, ine ndikutsatira chimanjamanja, apongozi akuona.

Posakhalitsa zinandisiya, koma adokotala akuti mitsempha ya m'khosi yopititsa magazi ku ubongo yayamba kutsekeka, mwina chifukwa cha chingambwe chija munkandiletsa kusuta. Akuti limenelo linali chenjezo chabe, sitiroko yeniyeni ikhoza kubwera. Apongozi sindinawauze. Mukudziwa kuti pachikamwini munthu amamusungira khasu lake.

Kodi kanyumba ka malemu amayi kaja kakadali ndi denga?

Ndine mlongo wanu,
Mphepo